Laputopu Itakana Kuyaka, Mayeso Ali M'kati

Ana anga, nonse anayi munakula mukumva kulira kwa makina otayipira, ndipo ena a inu ndinkatayipa muli kumsana. Koma za ntchitoyo sindinkakuuzani zambiri, chifukwa theka la zimene ndinkalemba zinali zoti sindingatchule ngakhale kwa malemu bambo anu. Tsopano ndapuma, maso ayamba kuchita chidima, ndiye ndati ndilembe ndekha ndisanayambe kusokoneza mayina. M'gawo lino ndifotokoza za malo atatu amene ndinagwirako ntchito ya utayipisiti m'masukulu a sekondale, makamaka za masiku atatu a m'chaka changa chomaliza amene anatsala pang'ono kundivula ulemu wonse.

Makanjira, chaka choyamba

Kalata yondilemba ntchito inati ndikayambire ku Makanjira. Ine wobadwira pa boma pa Mangochi, kumeneko ndinali ndisanapondeko. Linali dzinja, milatho ingapo itakokoloka, choncho lole inatitula panjira, mtunda wotsalawo n'kuyenda pa boti la injini lodzaza matumba a mchere ndi a ufa. Ndinafika zovala zili chonyowa, satifiketi yanga nditaikulunga m'pulasitiki n'kuimangirira m'chiuno. Mphunzitsi wamkulu anali a Gondwe, bambo wamtali wa kumpoto, wosaseka wamba. Anandionetsa kachipinda kokhala ndi tebulo, mpando wopanda chotsamira, ndi makina otayipira amene chilembo chake chimodzi chinkakanirira, moti ndinkachita kuchibweza ndi chala.

Chilichonse chinali chosowa. Riboni ikauma ndinkaitembenuza, ikaumanso ndinkaidonthezera timafuta ta makina osokera kuti itulutse inki yotsalayo. Masitensulo, mapepala aphula amene tinkatayipapo mayeso tisanawapukuse pa makina ochulukitsira, ankabwera owerengeka, ndiye kulakwitsa chilembo chimodzi unali ngati mlandu. Ndinkafufuta ndi mankhwala ofiira onunkha ngati kyuteksi, ndipo atatha mankhwalawo ndinagwiritsadi ntchito kyuteksi yeniyeni.

Tsiku limene ndinayamba kutayipa mayeso, a Gondwe analowa n'kutseka chitseko. Anati, "Abiti Jafali, pano muziona mafunso mwana aliyense asanawaone. Mayeso akaberedwa, woyamba kumukayikira ndinu, osati mphunzitsi. Ndiye lamulo langa ndi ili. Mukatayipa pepala, mwini wake aliwerenge pamaso panu. Akavomereza, zolemba zake zapamanja muzitenthe pomwepo. Pasatsale kapepala kongoyendayenda." Lamulo limenelo ndinalisunga zaka zanga zonse za ntchito. Sipanathe mwezi, bambo wina mwini maukonde anandibweretsera kunyumba nsomba zinayi zikuluzikulu za chambo, n'kuyamba kufunsa za mwana wake ndi masamu. Ndinabweza nsombazo, ngakhale tsikulo ndiwo zinali chisoso. Mbiri inafala yoti tayipisiti watsopanoyo ngwouma mtima, ndipo mbiri imeneyo inanditchinjiriza kwa zaka zambiri.

Namwera, zaka zapakati

Anandisamutsira ku Namwera awiri oyamba inu mutabadwa. Kumeneko kumazizira, ndipo m'mawa wa chisanu ndinkayamba ndaotha zala pa mbaula ndisanagwire makina. Kompyuta inandipezera komweko ndili kale mayi wamkulu. Inali chinthu chachikulu, chamsana ngati wailesi yakanema, ndipo mphunzitsi wamkulu wa nthawiyo, mayi wina wa ku Ntcheu, ananditumiza ku maphunziro a sabata imodzi. Ndinaphunzira zinthu zitatu: kulemba, kusunga ndi kusindikiza. Kupyola apo sindinafunse, ndipo panalibe wondiuza. Makina akale aja ndinkawadziwa m'kati ndi kunja, ndinkawamasula ndi mpeni n'kuwamanganso. Kompyuta ndinagwira nayo ntchito zaka zoposa khumi ndisakudziwa chimene chimachitika m'mimba mwake. Ikachita zachilendo ndinkaizimitsa, n'kudikira, n'kuiyatsanso, ndipo nthawi zambiri inkandimvera. Ndinazolowera kuganiza kuti zimenezo n'zokwanira.

Chowe, chaka chomaliza

Ndinamalizira pa sekondale yoyendera ya kufupi ndi Chowe. Mphunzitsi wamkulu anali a Chilombo, munthu wofatsa, wamng'ono kwa ine, koma wosalumpha lamulo. Magetsi athu anali a sola. Kumayambiriro kwa chakacho chiphaliwali chinapsereza kompyuta yathu yakale, pulinta yokha n'kupulumuka chifukwa inali yozula. Patapita miyezi, bungwe lina lothandiza masukulu linatipatsa laputopu yatsopano, yakuda, yonunkhira katoni. Anaibweretsa bambo wina wa bungwelo amene anali pa changu, injini ya galimoto osaithimitsa n'komwe. Anandionetsa poyatsira, anandiuza kuti ndisankhe mawu achinsinsi otsegulira, kenako anayang'ana pulinta yathu n'kupukusa mutu. "Iyi ndi nkhalamba. Ndidzabwera kudzailumikiza ndekha. Pakadali pano muzingolemba, musaikemo china chilichonse." Atachoka, a Chilombo anabwereza mawu omwewo: "Mwamva, Abiti Jafali. Tisaikemo kanthu mpaka abwere."

Chaka chimenecho inali nthawi ya sukulu yathu kukonza mayeso a moko, aja oyeserera a Fomu 4, a masukulu asanu a m'dera lathu. Aphunzitsi ankabwera pa njinga kuchokera kumasukulu awo ndi mafunso olemba pamanja. Ndinkatayipa, iwo n'kuwerenga pa sikirini, akavomereza ine n'kukatentha zolemba zawo kuseri kwa ofesi. Fulashi ya sukulu, kachipangizo kosungiramo zolemba za pakompyuta, inali imodzi ndipo inkayenda m'matumba a aphunzitsi onse, choncho sindinafune kusungiramo mayeso. Pomatha sabata ziwiri, mapepala onse anali m'laputopu imeneyo basi, kupatula la Bayoloje limene ndinali ndisanamalize. Mayeso amayamba Lolemba. Loweruka m'mawa tinkayenera kupereka kope imodzi yosindikiza ya pepala lililonse ku sukulu imene inali ndi makina aakulu ochulukitsira. Bambo wa bungwe uja sanabwere. Titamuimbira anati ali kumpoto ndipo abwera mwezi wamawa.

Lachitatu

A Chilombo anali ku msonkhano ku boma. Ndinakhala ndekha muofesi, ndikuyang'ana pulinta, ndikuwerenga masiku ndi zala. Nditatsegula dilowa kufuna sitepula, ndinapeza sidi imene inabwera ndi pulintayo kalekale, ili m'kaenvulopu kake. Ndinakumbukira kuti ku Namwera ndinaonapo munthu akulowetsa sidi yotere, patangopita mphindi zochepa pulinta n'kuyamba kugwira. Ndinadziuza kuti sidi ya pulinta yathu yomwe si chinthu chachilendo, ndipo a Chilombo akabwera adzapeza mapepala ali mulu pa tebulo.

Ndinailowetsa. Panatuluka kabokosi ka mawu a Chingerezi kondichenjeza kuti pulogalamuyo mwina siyogwirizana ndi makinawa. Ndinawerenga, ndinamva, ndipo ndinadina kuti ipitirire. Izi ndikulemba mosabisa chifukwa pambuyo pake ndinayesa kudzinamiza kuti sindinamvetse. Itandiuza kuti ndilumikize chingwe cha pulinta, ndinalumikiza. Nthawi yomweyo sikirini yonse inasanduka yabuluu, pakona pali kankhope kachisoni kopangidwa ndi timadontho tiwiri ndi kamzere kopindika. Inazima yokha. Inayakanso, timadontho toyera tinazungulira, kenako buluu uja. Inazimanso. Ndinaonerera ikuchita zimenezo kasanu, manja ali m'chiuno, ndisanakhulupirire.

Ndinazula chingwe cha pulinta. Ndinatulutsa sidi ija n'kuiponya m'chikwama changa ngati yotentha. Ndinazimitsa makina n'kudikira kuti azizire, monga ndinkachitira ndi akale aja. Ndinasintha soketi. Ndinawapukuta ndi mpango wanga, ngati vuto linali fumbi. Ulendo wina inalemba kuti ikudzikonza yokha, mtima wanga n'kukhala pansi pang'ono, koma patapita nthawi inati yalephera. Wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu anagogoda n'kufunsa ali panja, "Amayi, zikuyenda?" Ndinayankha kuti zikuyenda. Ndinkangoona aphunzitsi aja mmodzimmodzi, njinga zawo, ndi phulusa la zolemba zawo kuseri kwa ofesi. Pa mayeso onse a masukulu asanu, chimene ndinali nacho m'manja chinali Bayoloje basi.

Lachinayi

A Chilombo anafika m'mawa ali wosangalala, atanyamula mapaketi awiri a mapepala. Ndinawayatsira laputopu. Anayang'ana buluu uja kawiri, n'kukhala pansi pang'onopang'ono.

"Zayamba liti?"

"Dzulo masana, bwana."

"Inangoyamba yokha?"

"Inangoyamba yokha."

Anaimbira bambo wa bungwe uja, foni n'kuiika pa tebulo kuti tonse tizimva. Bamboyo anafunsa ngati inagwa kapena kunyowa. Kenako anafunsa mwachindunji, "Palibe chimene munaikamo? Fulashi, sidi, chilichonse?" A Chilombo anandiyang'ana. Ine ndinati, "Palibe." Bamboyo anati ndiye kuti makinawo anabwera ndi vuto, ndipo njira yachidule n'kufufuta zonse n'kuyambiranso, koma zolembazo zipita pokhapokha wodziwa atayamba wazikopera kwina. A Chilombo anamulankhula mawu olimba tsiku limenelo, amene sindinawamvepo pakamwa pawo. Anamuuza kuti bungwe lawo latipatsa chinthu chowola n'kutithawa, ndipo analemba zomwezo m'buku la zochitika pasukulu, ine ndikuona.

Anayendayenda muofesimo. Kuitananso aphunzitsi kuti alembe mafunso atsopano masiku awiri sizikanatheka. Kuimitsa mayeso kunali kuuza masukulu anayi, makolo ndi akuluakulu a maphunziro kuti Chowe yalephera. Pomaliza anati, "Pa boma pali Che Amidu, amakonza zinthu zimenezi pafupi ndi msika. Ine mawa ndili ndi komiti ya makolo, sindingachoke. Mupite ndinu. Koma Abiti Jafali, makinawa asachoke m'manja mwanu. Ndikutuma inu chifukwa ndinu nokha amene sindikukayikirani." Ndinangoti chabwino. Tsiku limenelo chakudya sichinalowe, ndipo bambo anu anandifunsa kawiri ngati ndayamba malungo.

Lachisanu

Ndinakwera matola oyamba otsika phiri, laputopu nditaikulunga m'chitenje n'kuiika pamiyendo. Pulinta sindikanatha kuinyamula, choncho ndinakopera papepala dzina lake ndi manambala onse olembedwa kumbuyo kwake. Pa bampu iliyonse ndinkakweza mtolowo m'mwamba ngati khanda. Titawoloka mlatho wa pa Shire ndinatsika n'kufunsira njira.

Che Amidu anali bambo wa msinkhu wanga, wa ndevu zaimvi ndi kofia yoyera. Anayamba ndi kukonza mawotchi ndi mawailesi, makompyuta anaphunzira atakula. Kashopu kake kanali kodzaza mafoni omasula ndi zingwe. Tinapatsana salamu, anandifunsa m'Chiyao kuti ndadzuka bwanji, n'kundipatsa mpando. Anayatsa laputopu, anaonerera buluu uja kamodzi kokha, n'kuwerenga timawu ta pansi pake atayandikitsa nkhope.

"Amayi, mwaikamo chiyani?"

"Palibe."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Timawu iti tikunena kuti vuto ndi dalaivala."

"Dalaivala wa matola? Sanaigwire n'komwe."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ayi, amayi. Dalaivala ndi kapulogalamu komasulira. Laputopu ili ndi chilankhulo chake, pulinta ili ndi chake, ndiye pakati pamafunika womasulira. Mukaika womasulira wakale m'makina atsopano, amalankhula zosamveka, makina n'kusokonezeka, n'kuzima kuti asawonongeke. Akayaka amamupezanso pakhomo, n'kuzimanso. Ndikadziwa kuti ndi uti, ndimamutulutsa yekhayo. Koma ngati mukuti palibe, ndiye ndikopere zanu zonse m'disiki yanga, ndifufute makina, ndiikemo zatsopano. Muisiye, mudzatenge mawa masana."

Ndinati sindingaisiye. Anafunsa chimene chili m'katimo, ndipo ndinangoti ndi za sukulu. Anaona chidindo cha sukulu pa chivindikiro n'kumwetulira. "Si mayeso a moko amenewa? Mwana wanga Zainabu akulemba Lolemba. Wakhala akutisowetsa mtendere m'nyumba ndi mabuku." Anatchula sukulu yake. Inali imodzi mwa zisanu zija.

Ndikalola kuti akopere, mayeso onse akanagona m'disiki ya bambo wa mwana wolemba. Ndikakana n'kupitiriza kunena kuti palibe chimene ndinaika, sakanadziwa pogwira, ndipo ndikanabwerera ku Chowe ndi chinthu chakufa. Njira yachitatu inali m'chikwama changa. Iye anayamba kumangitsa kasikuluwu pa foni ya munthu wina. Kenako ndinatulutsa sidi ija n'kuiika pa tebulo.

"Ndinaika iyi. Lachitatu. Anandiletsa, koma ndinaika."

Anaitembenuza, anawerenga, n'kugwedeza mutu. Sanandinyoze. Anangoti, "Tsopano tayamba kulankhulana. Komabe ndikopere kaye, kuopa ngozi."

"Ayi, Che Amidu. Musakopere kanthu."

Nkhope yake inasintha. "Mukundiyesa wakuba mayeso, ine?"

"Sindikukuyesani wakuba. Koma Zainabu akakhoza bwino, anthu akadzamva kuti mayeso anagona m'disiki ya bambo ake, ndani adzakhulupirire kuti anakhoza yekha? Ine ndikupuma chaka chino. Mwanayo dzina lake likuyamba kumene."

Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya. Kenako anatembenuzira laputopu kwa ine, ananyamula mpando wake n'kukakhala mbali ina ya tebulo, kumene ankangoona msana wa chivindikiro. "Chabwino. Manja akhale anu, maso akhale anu. Muzindiwerengera zimene yalemba, ine ndizikuuzani podina. Koma dziwani kuti zikakanika, palibe pothawira. Zikapita zapita."

"Ndamva."

Anandiuza kuti ndiyatse, timadontho tikangoyamba kuzungulira ndikanikize batani loyatsira osalisiya mpaka izime. Ndinachita zimenezo katatu, mokayikira, chifukwa moyo wanga wonse anandiphunzitsa kuti kompyuta sazimitsa motero. Ulendo wachitatu panabwera tsamba lina lokhala ndi mabokosi. Ndinamuwerengera limodzilimodzi ndi Chingerezi changa cha utayipisiti. Ndinatsala pang'ono kudina bokosi lina, iye n'kukuwa, "Limenelo ayi! Limenelo ndi lofufuta zonse. Chotsani dzanja." Ndinabweza dzanja n'kulikhalira. Tinayesa kaye bokosi loti makina adzikonze okha poyaka. Tinadikira pafupifupi theka la ola, ndipo inalembanso kuti yalephera. Nthawi yomweyo magetsi a m'tauni anathima, ndipo ku mzikiti kunamveka azana, kuitanira anthu ku swala ya Ijumaa.

Che Amidu anaimirira. "Zimitsani, tisunge batire. Ndikubwera." Anatseka shopu, ine n'kukhala pa benchi pakhonde, mtolo wanga uli pamiyendo. Ola limenelo linali lalitali kuposa ulendo wa pa boti wa ku Makanjira. Ndinkaona akabaza akudutsa, amayi ogulitsa usipa akuthamangitsa ntchentche, ndipo ine ndinkakonza m'mutu mawu okauza a Chilombo ndi masukulu anayi. Ndinapemphera ndili pomwepo, mosalongosoka, ndikungobwereza kuti ana asavutike chifukwa cha ine.

Atabwera, magetsi anali asanayake, ndipo batire inali itatsika kufika pa theka. Anati, "Tsopano tilowera khomo lakumbuyo. Amati sefu modi. Makina amayaka ndi zofunikira zokhazokha, alendo onse amatsala panja." Tinabwerera ku mabokosi aja. Anandilondolera ku bokosi la kayatsidwe, ndinadina kuti iyambirenso, panabwera mndandanda wa manambala, ndipo anati ndidine nambala folo. Sikirini inada. Ndinawerenga m'mtima mpaka makumi atatu. Kenako inandifunsa mawu achinsinsi.

Ndinalakwitsa kawiri, ine amene ndinkatayipa osayang'ana zala. Kachitatu inatseguka. Zilembo zinali zikuluzikulu, kumbuyo kuli bii, koma foda yanga inali pakona pomwe ndinaisiya.

"Mwangoti zii bwanji? Yalemba chiyani?"

"Dikirani, ndikuwerenga."

Ndinatsegula fodayo n'kuwerenga mayina a mapepala ndi chala, kuyambira Chichewa mpaka Masamu. Onse analipo. Ndinati, "Alhamdulillah," ndipo mawu anatuluka ngati a munthu wina. Che Amidu anati tisasangalale msanga. Ananditsogolera ku mndandanda wa mapulogalamu, ndinapeza awiri okhala ndi dzina la pulinta yathu ndi tsiku la Lachitatu. Woyamba anachoka bwinobwino. Wachiwiri anakana, n'kulemba kuti sizingatheke. Anandipititsa ku mndandanda wina, wa zipangizo zonse za m'makinamo, kumene kunali kachizindikiro kachikasu pambali pa dzina limodzi. Ndinalichotsa pamenepo, n'kuchonga kabokosi koti dalaivala wake apite naye limodzi.

"Tsopano iyambitseninso mwa masiku onse."

Timadontho tinazungulira. Ndinatseka maso, chifukwa sindikanatha kuonanso buluu uja. Ndinamva kanyimbo kake kakafupi ka poyaka, kamene ndinkakamva m'mawa uliwonse osakalabadira. Che Amidu anamenya tebulo ndi chikhatho. "Imeneyo ndaimva ngakhale sindikuona!"

Panatsala pulinta. Ndinamupatsa kapepala ka manambala kaja, anafufuza pa foni yake, ndipo anapeza dalaivala watsopano wa pulinta yomweyo wogwirizana ndi makina a masiku ano. Magetsi atayaka anamuika m'fulashi yatsopano imene anaitsegula m'paketi ine ndikuona. Ndinamuika m'laputopu ndekha, iye akundiuza ali kuseri komweko. "Chingwe mukalumikize mukafika. Ikakana, musakakamize, ndipo bokosi lililonse lochenjeza muziliwerenga kawiri." Sidi ija anandibwezera. Potsanzikana anati, "Kunyumba ndikangonena kuti lero kunabwera mayi wina wovuta."

Ndinafika ku Chowe dzuwa litapendeka. A Chilombo anali pakhonde la ofesi, tayi atamasula. Anangonditsegulira chitseko. Ndinayatsa makina, ndinalumikiza chingwe, n'kudikira buluu. Sanabwere. Ndinatumiza tsamba loyamba la pepala la Chichewa. Pulinta inakhala chete kwa nthawi imene inaoneka ngati chaka, kenako inakhosomola, inakoka pepala, n'kulitulutsa lofunda, zilembo zili zakuda bwino. A Chilombo analigwira ndi manja awiri n'kuseka ngati mwana.

Ndikanatha kusiyira pomwepo. Che Amidu sakanaulula, ndipo bambo wa bungwe anali atavomera kale kuti makina ake ngolakwika. Koma buku la zochitika lija linali pa shelefu patsogolo panga. Pulinta ili m'kati mokoka mapepala a Jogalafe, ndinatulutsa sidi n'kuiika pa tebulo lawo.

"Bwana, makinawa sanabwere ndi vuto. Ndinaika iyi Lachitatu inu kulibe."

Kuseka kuja kunatha. Anayang'ana sidi, anayang'ana ine. "Dzulo ndinakufunsani."

"Munandifunsa."

"Bambo uja anakufunsaninso, ine ndili pompano."

"Anandifunsa."

Anasonkhanitsa mapepala a Jogalafe mpaka lomaliza. Kenako anati, "Zoika sidi ndikanaziiwala lero lomwe. Munkafuna kuthandiza. Koma mwandichititsa kutukwana munthu wosalakwa, ndi kulemba bodza m'buku la boma ndi dzanja langa. Timalize kaye ntchitoyi." Tinasindikiza mpaka dzuwa kulowa. Bayoloje ndinamumaliza kutayipa Loweruka m'mamawa, mwini wake anawerenga, ndipo envulopu zonse zinanyamuka pa nthawi yake.

Sabata yotsatira

Ana analemba Lolemba m'masukulu onse asanu, ndipo sipanamveke mphekesera iliyonse yoti mayeso anatuluka. A Chilombo anaimbira bambo wa bungwe uja n'kupepesa, ine ndili pomwepo, kenako anandipatsa foni kuti nanenso ndipepese ndi pakamwa panga. M'buku muja anadula mzere pa zimene analemba n'kusainira m'mbali.

Lachitatu anandiitana. Anali ndi nkhope yotopa. "Abiti Jafali, lamulo likuti ndikulembereni kalata ya chenjezo, ilowe m'failo yanu. Ndaona failoyo. Zaka zonsezi mulibe ngakhale imodzi, ndipo kwatsala miyezi inayi kuti mupume." Anakanda m'mutu. "Vuto lina n'lakuti pasukulu pano tayipisiti ndinu nokha."

Ndinakhala pa mpando wanga n'kutsegula laputopu. Iwo anaima pawindo, atandifulatira, n'kumanena mawu, ine n'kumatayipa. Ananena za kusatsatira langizo la mkulu wa ntchito pa kasamalidwe ka katundu wa sukulu. Ananena kuti zisadzachitikenso. Kenako anati, "Basi. Ikani dzina langa pansi."

Ndinati, "Bwana, za bodza lija simunatchule."

Sanatembenuke. "Ndikudziwa."

Ndiye ndinalemba ndekha chiganizo chimodzi, chakuti atafunsidwa kawiri, wogwira ntchitoyu anakana zimene anachita, ndipo anaulula patapita tsiku. Ndinasindikiza makope awiri. Anawerenga, anafika pa chiganizocho, anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kusaina.

Kope yanga ili m'sutikesi yabuluu ija, pamodzi ndi makalata ondiyamikira ndi satifiketi yopumira ntchito. Tsiku limene mudzagawane mapepala anga mudzaipeza, ndipo ndikudziwa kuti wina wa inu adzafuna kuing'amba kuti adzukulu asaione. Musaing'ambe. Muiwerenge bwinobwino. Mulibe chilembo cholakwika ngakhale chimodzi.